Ndinatupa nditangochira

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, mayi wa ana atatu, ndipo mtima wanga supopa magazi mokwanira. Nthendayi ndikhala nayo moyo wanga wonse. Komabe m'mawa ndimadzuka, ndimasesa pakhomo, ndimapita kusukulu wapansi n'kuima kutsogolo kwa ana mpaka nthawi yoweruka. Ndalemba umboniwu pothokoza Mulungu amene anandisunga, komanso chifukwa ndikudziwa kuti panopa pali amayi ena amene akutupa miyendo m'nyumba zawo, abale akulozana zala, chonsecho thandizo lilipo.

Mimba yanga yachitatu inayenda bwinobwino. Kusikelo sindinkajomba, BP inali yabwino, ndipo ndinachira popanda opaleshoni. Mavuto anayamba mwana asanakwanitse miyezi iwiri. Poyamba kunali kutopa chabe, ndipo aliyense ankati ndi uchembere, zidzatha. Kenako kunabwera phuma. Ndikangoyenda kuchoka m'nyumba kufika kubafa, ndinkaima kaye n'kugwira khoma. Kumubereka mwana kumbuyo kunandikanika. Usiku ndiye unali wowawa kuposa masana, chifukwa ndikangogona chagada mpweya unkandithera, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chouma. Ndinawonjezera mapilo, kenako bulangeti lopinda, mapeto ake ndinkagona chokhala pampando, mutu nditautsamiritsa patebulo. Mapazi anatupa mpaka nsapato zonse kukana kulowa. Kutupako kunakwera m'miyendo, kunafika m'ntchafu, mimba inakula moti ena ankanong'onezana kuti ndaimanso.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu ndinapita ndithu. Anandipatsa mankhwala a chibayo, sizinasinthe. Anandiyeza makhololo poganizira TB, sanapeze kanthu. Anandipatsanso mankhwala a mphumu. Anthu aja sindiwasungira chakukhosi. Pakhonde pawo pamakhala mzere wautali tsiku lililonse, chida chounikira mtima alibe, ndipo mayi wachitsikana akabwera akutsokomola, maganizo a munthu amathamangira ku matenda amene amawaona kawirikawiri.

Kumudzi yankho linali litapezeka kale. Amayi anga, amene anabwera kudzandithandiza uchembere, anayang'ana miyendo yanga, anayang'ana nkhope yanga, n'kutuluka panja osanena kanthu. Madzulo ake ndinawamva akuuza azakhali kuti, "Mwanayu amusempha." Amene anakulira kumudzi akudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Mayi akachira, banja limadika mpaka mwana atalowetsedwa kumphasa, ndipo ngati mayi kapena khanda ayamba kutupa nthawi imeneyi isanakwane, anthu amati bambo wapita kunja. Amuna anga ndi kalipentala, ndipo nthawi imeneyo ankagwira ntchito yokhoma denga la nyumba ina kutali ndi kwathu, kumabwera Loweruka lokha. Kwa abale anga umboni unali wokwanira.

Anaitanitsa ankhoswe. Ine ndili pampando m'nyumba, wefuwefu, ndinkamva zonse zokambidwa pansi pa mtengo wa mango. Amalume anati, "Apongozi, ingovomerani kuti tipeze mankhwala mwanayu asanatisiye." Amuna anga anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndivomere chiyani, amalume, pamene palibe chimene ndachita?" Kukana kwawoko anthu anakutenga ngati kuuma mtima. Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kulandira moni wawo. Mchere wa m'ndiwo zanga ankathira okha, kapena kutuma mwana wanga wamkulu, kuopa kuti dzanja lina lingandiwonjezere matenda. Anandipezera mizu yomwa ndi yosamba. Chimene chimandipweteka ndikakumbuka n'chakuti nanenso, pakati pa usiku mpweya ukandithera, ndinkawayang'ana bambo a ana anga ali m'tulo pamphasa pafupi ndi mpando wanga, n'kumadzifunsa ngati abale anga akunena zoona. Matenda anali atalowa m'thupi, ndipo anali atayamba kulowanso m'banja.

Usiku wina zinafika poipa. Ndinayamba kutsokomola thovu, milomo inada, thukuta lozizira thupi lonse. Amuna anga anathamanga kukagogoda kwa aneba amene ali ndi galimoto, ndipo tinafika kuchipatala cha boma kunja kusanache. Anandiika pa mpweya, n'kundibaya jakisoni wa furosemide mumtsempha. Sipanapite nthawi ndinayamba kukodza, ndipo ndinakodza tsiku lonse ndi usiku wotsatira. Madzi akutuluka, chifuwa chinkamasuka. Pasanathe sabata ndinagona chogona koyamba, pilo mmodzi yekha. Anandiuza kuti mtima wakula, anandipatsa mapiritsi okodzetsa, n'kunditulutsa. Kunyumba tinaimba nyimbo zothokoza poganiza kuti zatha.

Sizinathe. Mapiritsi atatha, madzi anabwerera, ndipo ndinapezekanso pabedi lomwelija la m'wodi ya amayi. Apa mpamene ndinataya mtima. Ndinayamba kuganiza za amene adzalere khanda langa. Ndinauza achemwali anga kumene ndinkasunga makadi a kusikelo a ana.

Ulendo umenewu, tsiku lotuluka, dokotala wa m'wodimo sanangondipatsa mankhwala. Analemba m'buku langa la kuchipatala tsiku loti ndikaonekere ku kiliniki ya matenda a mgonagona ovuta, imene imakumana pachipatala pomwepo, ndipo anatiperekeza yekha kukationetsa chitseko chake. Anati, "Mukabwere ndi amuna anu. Ndipo ngati kunyumba kuli wina amene amakuphikirani, abwerenso."

Tinapita atatu: ine, amuna anga ndi amayi, awiriwo osalankhulana njira yonse. Kachipindako kanali kakang'ono, bedi limodzi, tebulo, sikelo pakona. Adokotala a kumeneko, amene anaphunzira mwapadera za matenda a mtima, anandigoneka chammbali kumanzere, anapaka mafuta ozizira pansi pa bere, n'kuikapo kachida kokwana m'dzanja kolumikizidwa ku tabuleti. Atayang'ana kwa kanthawi, anatembenuza tabuleti ija n'kunena kuti, "Agogo, bwerani pafupi. Nanunso bambo, bwerani muone." Pagalasipo pankaoneka chinthu chotuwa, chozungulira, makoma ake akungonjenjemera pang'ono. Kenako adokotala anaika kachida kaja pachifuwa pa anamwino amene anali nawo m'chipindamo. Mtima wa anamwinowo unkafinya mwamphamvu, makoma ake kutsala pang'ono kukhudzana, n'kumasuka, n'kufinyanso. Panalibe wofunika kumuuza kusiyana kwake. Amayi anagwira pakamwa.

Adokotala anafotokoza kuti mtima wabwino, ukagunda kamodzi, umatulutsa magazi oposa theka la amene ali m'chipinda chake chachikulu chakumanzere. Wanga unkatulutsa pafupifupi 25 pa 100 alionse. Anati, "Taganizirani chigayo chimene injini yake yafooka. Chikugaya ndithu, koma pang'onopang'ono, ndiye matumba a chimanga akuunjikana mpaka panja. Magazi amene mtima ukulephera kukankha amaunjikana kumbuyo. Madzi ake amalowa m'mapapo, n'chifukwa chake akubanika akagona. Ena amatsikira m'miyendo ndi m'mimba." Anawonjezera kuti impso zikaona kuti magazi akufika ochepa, zimayamba kusunga mchere ndi madzi m'thupi, ndipo zimenezi zimangouwonjezera mtima katundu.

Amayi anafunsa funso limene linawabweretsa. "Ndiye adokotala, mukuti apongozi angawa sanalakwe?" Adokotala sanaseke ndipo sananyoze mwambo. Anati, "Agogo, nkhani za m'banja ine sindingaziweruze. Chimene ndikudziwa ndi ichi: nthendayi imagwira amayi kumapeto kwa mimba kapena m'miyezi yoyambirira atachira. Imagwira amayi kuno, ku Nigeria, ku South Africa, ngakhale ku Ulaya. Siibwera chifukwa cha zochita za mwamuna. Ndipo mankhwala ake alipo." M'buku langa analemba dzina lake, peripartum cardiomyopathy. Amayi anakhala chete nthawi yaitali. Tikutuluka, anawalandira amuna anga chikwama chimene ananyamula n'kunena kuti, "Apongozi, agwireni mkono mayi a mwanawa, masitepewa ndi aatali." Kupepesa kwawo kunali kumeneko, ndipo amuna anga anakumva.

Kuyambira pamenepo moyo wanga unamangirira pa kiliniki imeneyi, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino zimene zimachitika kumeneko, chifukwa munthu wongodutsa angaone ngati palibe chachilendo. Ukafika amakukweza pasikelo n'kulemba. Amayeza BP ndi kagundidwe ka mtima. Anamwino amadina chala pamsongolo kuona ngati patsala dzenje, amayang'ana mitsempha ya m'khosi, amamvetsera m'mapapo. Kenako amafunsa mafunso omwewo ulendo uliwonse: mukugonera mapilo angati, mumayenda kufika pati musanaime, mwadzukapo usiku chifukwa chobanika? Zonsezi amazilemba pa khadi limodzi limene limakhala komweko, moti amene akukuona lero amadziwa mmene unalili mwezi watha. Ndipo nkhope zimakhala zomwezo. M'wodi anandipulumutsa kawiri, sindidzaiwala, koma ntchito ya m'wodi imatha ukatuluka pageti. Kukiliniki kuno ankandidziwa dzina, ankadziwa kuti mwana wayamba kukwawa, ankadziwa kuti nyengo ya mvula mtsinje wa kwathu umadzaza. Tsiku lina mtsinjewo utatitsekereza, foni inalira madzulo ake: "Mayi, sitinakuoneni lero. Mankhwala atsala a masiku angati?"

Nkhani ya mankhwala ndi imene inandidabwitsa kwambiri. Ine ndinkadziwa furosemide yekha, ndipo ndinkamukonda chifukwa ntchito yake imaoneka tsiku lomwelo. Anandiuza kuti iyeyo amachotsa madzi n'kukupatsa mpumulo, koma mtima weniweniwo saukonza. Okonza mtima ndi ena, amene ntchito yawo siimveka msanga. Anandiyambitsa enalapril, amene amamasula mitsempha kuti mtima usamakankhe movutikira. Madzi atachepa m'thupi anawonjezera carvedilol, kuyambira pa kamlingo kochepetsetsa ka 3.125 mg m'mawa ndi madzulo, n'kumakweza pang'onopang'ono pakapita masabata angapo, akaona kuti BP ndi kagundidwe ka mtima zikulola. Kenako spironolactone. Posankha mankhwalawa ankaganiziranso kuti ndikuyamwitsa. Nthawi ndi nthawi ankanditenga magazi kuti aone mmene impso zikugwirira ntchito komanso kuchuluka kwa potaziyamu, chifukwa enalapril ndi spironolactone angathe kumukweza kufika poopsa munthu osamva chilichonse.

Masabata oyamba a carvedilol anali ovuta. Ndikadzuka mofulumira ndinkamva chizungulire, thupi linali lolefuka kuposa kale. Ndikanakhala ndekha ndi botolo la mapiritsi, osadziwa wofunsa, sindikukhulupirira kuti ndikanapitiriza. Koma anali atandichenjeza kale kuti zimenezi zichitika ndipo zidzadutsa, komanso nambala ya foni ya kukiliniki inali pachikuto cha buku langa. Anandiuza kuti ndizikhala kaye pansonga pa bedi ndisanaimirire, ndizimwa mankhwalawo nditadya. Zinadutsadi.

Anandiuzanso kuti ndibweretse mankhwala onse amene ali m'nyumba. M'jumbo imene ndinabweretsa munali brufen ndi indosidi, amene pafupifupi nyumba iliyonse imasunga chifukwa cha msana ndi mutu. Anamwino anawaika pambali n'kunena kuti amenewa amachititsa thupi kusunga madzi ndiponso amapweteka impso, ndipo kwa munthu wa mtima wofooka angathe kumubwezera m'wodi. Panado yekha ndi amene anandilola.

Za mchere, amayi anamvetsera ndi makutu onse awiri, chifukwa pamenepa mawu a adokotala anakumana ndi mantha amene iwo anali nawo kale, ngakhale zifukwa zake zinali zosiyana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosadzaza, kuphatikiza umene wabisala m'zakudya zogula. Ife tinkaganiza za mchere wa m'botolo wokha. Anatiwerengera malo ena amene umabisala: bakayawo ndi nsomba zina zoumitsa ndi mchere, timachubu tokometsera ndiwo, soda wa m'therere, buledi, tchipisi ta pachiwaya, tokazinga ta m'mapaketi timene ana amakonda. Poyamba ankandiphikira kampoto kangakanga, ndipo ndiwo zinkandimvekera zozizira moti nsima inkanditsalira m'mbale. Amayi anayamba kuthira tomato wambiri, anyezi, adyo, nsinjiro ndi madzi a mandimu. Lilime linazolowera. Lero nyumba yonse imadya mphika umodzi, ndipo zinawathandizanso amuna anga, amene atawayeza kukiliniki komweko anapezeka kuti BP yawo inali itayamba kukwera iwo osadziwa.

Amuna anga anagula sikelo yapansi kutauni. M'mawa uliwonse, ndikachoka kuchimbudzi ndisanadye kanthu, ndimakwerapo n'kulemba m'kope. Lamulo lake ndi lakuti thupi likakwera ndi makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, ndipo uyenera kuimba foni ngakhale ukumva bwino. Tsiku lina kunagwa maliro kuchimuna, ndipo tinakagona kusiwa. Pamaliro munthu umadya chimene chaphikidwa. Nditabwerako sikelo inakwera, tsiku lotsatira inakweranso, ndipo lamba wa nsapato anayamba kusiya mzere paphazi. Phuma linali lisanayambe. Ndinaimba. Anamwino anandifunsa mafunso angapo, anakambirana ndi adokotala, n'kundiuza kuti ndiwonjezere furosemide kwa masiku ochepa kenako ndibwere adzandione. Pofika tsiku limenelo sikelo inali itabwerera pamalo pake. Kale ulendo woterewu ukanathera pa mpweya m'wodi, ana atasiyidwa kwa aneba, amuna anga atasiya ntchito. Ulendo uno unathera pa mayunitsi a foni. Chiyambireni kiliniki sindinagonekedwenso m'chipatala chifukwa cha mtima.

Panali nkhani ina yolemera imene anatikhazika pansi awiri. Anatiuza mosabisa kuti mimba ina ingathe kuufooketsanso mtima, makamaka ngati sunabwerere mwakale, ndipo ikhoza kunditengera kumanda. Anatinso enalapril amavulaza mwana m'mimba. Ana athu onse ndi aakazi, ndipo kuchimuna kunali mawu akuti tiyesenso. Amuna anga anayankha okha m'chipindamo, ine ndisanatsegule pakamwa: "Adokotala, atatuwa akwana. Ndikufuna mayi awo." Tinasankha njira yolera yoika pamkono, chifukwa mapiritsi olera okhala ndi estrogen sagwirizana ndi mtima ngati wanga.

Pabenchi yodikirira ndinapeza anthu amene sindinkaganiza kuti angadwale mtima. Panali mtsikana wa sekondale amene zitseko za mumtima mwake zinawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zimene anadwala ali mwana osalandira mankhwala oyenera. Iyeyo amabayitsa jakisoni wa benzathine penicillin mwezi uliwonse kuti nthendayo isapitirire, ndipo ena otero amawatumiza ku Gulupu ku Blantyre kapena ku Central ku Lilongwe kuti akaonedwe ndi akatswiri. Panali bambo wina woyendetsa kabaza amene BP inamudya mwakachetechete kwa zaka mpaka mtima kutopa. Okalamba analipo, koma ambiri tinali anthu a msinkhu wolera ana. Nditafunsa, adokotala anandiuza za kafukufuku wotchedwa THESUS-HF amene anatuluka mu 2012, wotsogoleredwa ndi Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Maputo. Anatsatira odwala 1,006 amene anagonekedwa ndi nthenda ya mtima wofooka m'maiko 9 a mu Africa muno. Zaka zawo, pongoyerekeza onse pamodzi, zinali 52, pamene kumaiko a azungu nthendayi imadziwika kuti ndi ya anthu a zaka za m'ma 70. Choyambitsa chachikulu chinali BP. Ndipo pafupifupi 18 mwa 100 alionse anali atamwalira pomatha miyezi isanu ndi umodzi. Nditamva nambala imeneyi ndinakumbuka mmene ndinatulukira m'wodi ulendo woyamba, mapiritsi m'manja, osadziwa kobwerera.

Miyezi yoyamba munthu atatuluka m'chipatala ndi imene imakhala yoopsa, ndipo n'chifukwa chake poyamba ankandiitana pafupipafupi, ngakhale thiransipoti inkatipweteka. Zimenezi si zongoganizira. Mu 2022 munatuluka zotsatira za kafukufuku wina wotchedwa STRONG-HF, wa odwala 1,078 m'maiko 14, kuphatikizapo Mozambique, Nigeria ndi South Africa. Gulu lina ankaliona kangapo m'miyezi iwiri yoyamba atatuluka, akumawayeza magazi n'kuwakwezera mankhwala msanga kufika pa mlingo wokwanira. Gulu lina linkalandira chisamaliro cha masiku onse. Pomatha masiku 180, mwa oonedwa pafupipafupi aja, 15 pa 100 alionse anali atamwalira kapena kugonekedwanso chifukwa cha mtima, pamene m'gulu linalo anali 23. Mitundu ya mankhwala inali yodziwika kale. Chimene chinasiyana chinali kutsatiridwa.

Makiliniki amtunduwu sanakhalepo kuyambira kale m'zipatala za m'maboma. Kuno ku Malawi anayambira ku Neno mu 2018, pachipatala cha boma ndi cha Lisungwi, mothandizana ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, potengera zimene zinayamba ku Rwanda, kenako anafika ku Karonga ndi ku Salima. Njirayi amaitcha PEN-Plus: kuphunzitsa anamwino ndi madokotala a m'maboma kuunika mtima ndi kusamalira matenda ovuta monga a mtima, shuga wa ana ndi sickle cell, kuti wodwala asamachite kupita ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu mwezi ndi mwezi. Mu Ogasiti 2022, pamsonkhano wa ku Lomé m'dziko la Togo, maiko 47 a chigawo cha Africa cha WHO anavomereza kuti njirayi ifalikire. Kwa ine zimenezi si nkhani ya m'nyuzipepala. Ndikanati ndizikwera basi kupita mumzinda ulendo uliwonse wokweza mankhwala, ndi khanda kumbuyo ndi malipiro a uphunzitsi, ndikanalekera panjira.

Sindikufuna kunamiza munthu kuti aliyense wofika pabenchi ija amachira. Panali mayi wina amene tinkakhala moyandikana, nthenda yake yofanana ndi yanga, mwana wake wamng'ono kwa wanga. Ankachokera kutali kuseri kwa mapiri, ndipo ulendo umodzi unkadya ndalama imene banja lake linkaipeza pa sabata. Anayamba kudumphitsa miyezi. Anamwino ankaimba, alangizi a zaumoyo a kudera lake anapitako, koma pamene ankamubweretsa anali atatupa thupi lonse, ndipo sanatuluke m'wodi. Imfa yake inandipweteka kwambiri, chifukwa sindinamuposa nzeru kapena chikhulupiriro. Ndinamuposa kuyandikira msewu ndi kukhala ndi malipiro a pamwezi. Pali miyezi inanso imene mankhwala ena amasowa, n'kutilembera kuti tikagule kufamase. Ine ndimakwanitsa movutikira, koma ndaonapo anzanga akupinda kapepalako n'kukaika m'thumba, ukudziwiratu kuti sakagula. Ifeyo odwala tinagwirizana zosonkha kangachepe tikakumana, kuti amene wasowa thiransipoti kapena mankhwala tizimuthandiza. Sizikwanira, koma pali anthu amene abwera mwezi wotsatira chifukwa cha kathumba kameneko.

Patatha miyezi ingapo anandiunikanso. Makoma a mtima aja anali atayamba kufinya mooneka, ndipo nambala inakwera kufika m'ma 30. Chaka chitatha inafika 45, ndipo yakhazikika pamenepo. Amayi ena a nthenda ngati yanga mtima wawo umabwereratu mwakale. Wanga sunafike pamenepo, koma wandibwezera ntchito yanga, ndipo furosemide anandichepetsera kwambiri. Tsiku limene ndinalowanso m'kalasi, ana anaimirira kundilonjera, ine mawu oyankha anandikanika.

Nditayamba kuoneka bwino, kunabwera yesero la mtundu wina. Mayi wina wa kumapemphero, munthu wondifunira zabwino, anandiuza kuti Mulungu wandichiritsa kale, ndipo kupitiriza kumwa mapiritsi n'kukayikira mphamvu yake. Mawuwa anandisautsa, chifukwa ine ndimakhulupiriradi kuti ndi Mulungu amene anandidzutsa. Ndinapita nawo kwa abusa athu. Iwo anati, "Mayi, amene anakupatsani mpweya ndi yemweyo anapatsa nzeru anthu akukusamaliraniwo. Imwani mankhwala, ndipo muzithokoza pomwa." Adokotala nawo anandiuza za kafukufuku wa ku London wa mu 2019, wotchedwa TRED-HF, wa anthu amene mitima yawo yofooka inali itabwerera bwinobwino. Mwa 25 amene anayamba kuwasiyitsa mankhwala, 11 nthenda inayambiranso miyezi isanu ndi umodzi isanathe. Ngati zinatero kwa amene mtima unachira kotheratu pagalasi, kuli bwanji ine wa 45? Sindinasiye, ndipo mayi uja timapempherabe limodzi.

Amayi anabwerera kumudzi, koma sanabwerere chimodzimodzi. Chaka chatha mtsikana wina wa m'mudzimo anayamba kutupa ndi kubanika atangochira mwana wake woyamba, ndipo mawu a tsempho anayamba kuyenda. Amayi anapita kukakhala pakhonde la nyumbayo n'kuuza akuluakulu anzawo kuti za mwambo akambirana pambuyo, koma mwanayo ayambe wakaunikidwa mtima. Anamuperekeza okha pa minibasi. Anamupeza ndi nthenda yomweyi, akadali ndi mphamvu zoyenda yekha, ndipo pano timakumana pabenchi.

Mwana amene ndinachira uja wayamba sukulu ya mkaka. Ine ndimapita kukiliniki pakapita miyezi itatu, pokhapokha sikelo ikanena zina. Ulendo wotsatira adzandiunikanso, ndipo adokotala anena kuti akaona zotsatira tidzakambirana za dapagliflozin, mankhwala amene anayamba ngati a shuga koma anapezeka kuti amathandizanso mtima wofooka ngakhale kwa munthu wopanda shuga. Kwathu kuno timawapeza m'mafamase a m'tauni, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwa mphunzitsi ndi kalipentala. Ine ndi bambo a ana tayamba kale kuwerengera kuti tione ngati tingakwanitse mwezi ndi mwezi.